Chifukwa Ninji Makina Akaniza Munthu Wosalakwa Kulowa?

Masiku ano anthu ambiri a ku Rivirivi, Utale, Phalula, Ulongwe kufikira ku Liwonde ali kuchita zinthu zofunika pa foni ndi pa kompyuta. Mphunzitsi afunsira malo a maphunziro pa intaneti, mlimi wa thonje alandira ndalama zake pa foni, ndipo mwana amene ali ku Johannesburg alankhula ndi makolo ake pa Facebook. Pa zonsezi pali khomo, ndipo pakhomopo pali mlonda amene afunsa dzina lanu ndi mau anu achinsinsi musanalowe. Mlondayo si munthu ayi, ndi makina.

Tsono pali dandaulo limene limveka kawirikawiri. Munthu alemba dzina lake bwinobwino, mau achinsinsi bwinobwino, koma makina amuyankha m'Chingerezi kuti "Too many attempts", ndiko kunena kuti wayesa kambirimbiri, ayambe wadikira. Nthawi zina makinawo aonetsa nambala yokha ya 429, imene tanthauzo lake ndi lomwelo. Mwini wake adabwa, pakuti tsiku limenelo sanaphonye n'kamodzi komwe. Ena aganiza kuti foni yaonongeka, ena aganiza kuti akaunti yawo yabedwa, ndipo ena athamangira kukagula bandulo ina, nataya ndalama pachabe. Chovuta kwambiri n'chakuti zimenezi zikonda kuchitika pa tsiku lomaliza lotumizira mafomu, pamene aliyense ali ndi changu.

Tifuna kufotokoza chimene chichititsa zimenezi, chimene mlonda wachilungamo ayenera kuchita, ndi chimene inu mungachite khomo likatsekeka.

Chifukwa chake mlonda awerenga

Poyamba tiyenera kuvomereza kuti mlonda salakwa powerenga. Taganizani za pini ya manambala 4, yonga ija musungira ndalama pa foni. Kuyambira 0000 kufikira 9999 pali mapini 10,000 okha. Munthu woyesa ndi zala angatope, koma wakuba sayesa ndi zala ayi. Iye atuma kompyuta. Kompyuta yoyesa mapini 10 pa sekondi imodzi itha kumaliza onsewo m'masekondi 1,000, ndiyo nthawi yosakwana mphindi 17. Popanda malire, pini yanu ikanakhala ngati chitseko cha udzu.

Koma mlonda akanena kuti munthu ayese katatu kokha, wakubayo atsala ndi mwayi wa 3 mwa 10,000. Pamenepo pini yaing'ono yomweyo isanduka loko wolimba.

Nonse amene muli ndi foni mudziwa kale lamulo lotere. Mukaphonya pini ya simu khadi katatu, simu itsekeka ndipo ifuna nambala ina ya manambala 8 yotchedwa PUK. Mukaphonyanso PUK kakhumi, simuyo ifa, ndipo muyenera kukatenga ina. Airtel Money ndi Mpamba nazonso zitseka pini munthu akaphonya kangapo motsatizana. Pa zonsezi palibe wodandaula kuti waponderezedwa, pakuti chilango chigwera simu kapena nambala imene inaphonyayo. Mnansi wanu akaphonya pini yake, yanu sitsekeka.

Pa intaneti zinthu zisiyana pang'ono, ndipo kusiyana kwake kuli pa keyala.

Keyala ya pa intaneti

Akuluakulu akumbukira m'mene makalata a ku Joni ndi ku Halale amafikira m'midzi. Mudzi wonse unalibe bokosi lakelake ku positi ofesi. Anthu amalemba keyala ya sukulu kapena ya mishoni, ndipo aphunzitsi aakulu amatenga thumba la makalata nagawira ana kuti apite nawo kwa eni ake. Kwa mkulu wa positi ku Balaka, anthu mazana onsewo amaoneka ngati bokosi limodzi. Wodziwa kuti kalata iyi ndi ya uje, iyo ndi ya uje, anali aphunzitsi aakulu okha.

Intaneti iyenda chimodzimodzi. Foni kapena kompyuta ikafuna kulankhula ndi tsamba lina, iyenera kupereka keyala yobwezera yankho. Keyalayo ndi nambala, ndipo itchedwa IP. Koma si foni iliyonse imene ili ndi keyala yakeyake ayi. Pasukulu pamene pali makompyuta 20 olumikizidwa ku rauta imodzi, onsewo atuluka ndi keyala imodzi. Mphunzitsi akatsegula hotisipoti pa foni yake kuti anzake agwiritse ntchito, onsewo ali pa keyala imodzi. Choposa apa, makampani a foni za m'manja m'maiko ambiri aika makasitomala awo ochuluka kuseri kwa keyala imodzi, mwa njira yotchedwa CGNAT. Motero ngati muli pa intaneti ya foni, n'kotheka ndithu kuti keyala imene muli nayo pa ola lino muli kugawana ndi anthu ena ambiri amene simunawaonepo, wina ali ku Ntaja, wina ali ku Mzuzu. Kampani idziwa yemwe ndi yemwe, monga aphunzitsi aakulu aja, koma mlonda wa tsamba limene mufuna kulowa aona bokosi limodzi lokha.

Chifukwa chake makeyala achepa

Wina angafunse kuti, nanga bwanji osangopatsa aliyense keyala yake? Yankho lake ndi lakuti makeyala a mtundu wakale anatha.

Dongosolo la makeyala limene ligwira ntchito kwambiri kufikira lero, lotchedwa IPv4, linalembedwa mu 1981. Lili ndi makeyala 4,294,967,296. Nthawi imeneyo nambalayi inaoneka yaikulu zedi, pakuti makompyuta olumikizana anali ochepa, ndipo ambiri anali m'masukulu aukachenjede ndi m'maofesi a boma la America. Koma mu November 2022 anthu pa dziko lonse anapitirira 8 biliyoni, ndipo ambiri ali ndi foni, ena ziwiri. Nkhokwe yaikulu ya makeyala inagawa otsiriza ake mu February 2011.

Ndiponso kagawidwe kake sikanali kofanana. Maiko amene anayamba msanga anatenga ambiri. America yekha ali ndi makeyala oposa biliyoni imodzi, pamene Africa yense, ndi anthu ake oposa biliyoni imodzi, analandira osakwana 5 mwa 100 alionse. Bungwe logawa makeyala mu Africa litchedwa AFRINIC. Likulu lake lili ku Mauritius, ndipo linavomerezedwa mu 2005. Kuyambira 2017 bungweli linayamba kugawa mopimira chifukwa otsala anali ochepa. Ichi ndicho chifukwa chake kugawana keyala kuli kofala kwambiri kuno kwathu koposa ku Ulaya ndi ku America, ndipo lamulo lolanga keyala lipweteka ife koposa iwo.

Mankhwala ake enieni alipo. Pali dongosolo latsopano lotchedwa IPv6, limene makeyala ake ndi ochuluka kotero kuti nambala yake ilembedwa ndi manambala 39. Makampani aakulu a pa dziko analitsegula kwachikhalire pa 6 June 2012. Koma kusintha makina onse ndi ntchito ya ndalama zambiri ndi zaka zambiri, ndipo maiko ambiri a mu Africa akali m'mbuyo. Pakali pano tiyenera kukhala ndi bokosi lathu logawana.

Nsomba imodzi ikaola

Tsono taonani chimene chichitika mlonda akamawerengera zophonya pa keyala m'malo mwa pa munthu.

Tinene kuti pasukulu ina ya m'mbali mwa Rivirivi aphunzitsi 12 asonkhana Loweruka kuti atumize mafomu awo, onse pa rauta imodzi. Tinenenso kuti lamulo la mlonda ndi lakuti keyala imene yaphonya kasanu itsekedwe kwa ola lathunthu. Woyamba aiwala chilembo chachikulu, aphonya kamodzi, kenaka alowa. Wachiwiri aphonya kawiri. Wachitatu ndi wachinayi aphonya kamodzi kamodzi. Palibe mmodzi wa iwo amene wachita chachilendo, pakuti kuphonya kamodzi kapena kawiri ndi chinthu cha munthu aliyense. Koma mlonda waphatikiza zonse, zakwana zisanu, ndipo watseka. Aphunzitsi 8 otsalawo, amene sanakhudze n'komwe kompyuta, akanizidwa. Ngati ola lotsekera mafomu lili pafupi, ena ataya chaka chathunthu.

Pa intaneti ya foni chinthuchi chiipa koposa, pakuti amene waphonyayo simumudziwa. Kapena ndi wakuba ndithu amene ali kuyesa maakaunti a eni, kapena ndi foni ya munthu wosalakwa imene yalowa kachilombo ka m'makompyuta ndipo ili kugogoda pamakomo mwini wake osadziwa. Inu mulangidwa chifukwa mwakwera naye basi imodzi.

Zimenezi zinachitikapo kwa dziko lathunthu. Pa nyengo ya Chaka Chatsopano cha 2007, woyang'anira wina wa Wikipedia anatseka keyala imodzi chifukwa kunali kuchokera zolemba zoononga. Zinadziwika kuti anthu ambiri a dziko la Qatar amatulukira pa keyala yomweyo, pakuti kampani yopereka intaneti kumeneko inali imodzi, ya Qtel. Kuwerenga kunali kotheka, koma anthu opanda akaunti analephera kulemba kufikira chiletsocho chinachotsedwa patapita maola angapo. Makolo anati nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Mwambiwu ndi woona pa dengu la usipa, koma suyenera kukhala lamulo loweruzira anthu.

Nanga bwanji osawerenga pa akaunti pokha?

Apa wina anganene kuti mankhwala ake ndi apafupi: mlonda aiwale za keyala, awerenge pa akaunti pokha monga achitira a simu khadi. Koma walira mvula walira matope. Njira imeneyi ili ndi mabowo awiri.

Bowo loyamba ndi ili. Wakuba wochenjera sayesa mau 1,000 pa akaunti imodzi ayi. Iye atenga mau amodzi amene anthu ambiri akonda, monga 123456, nawayesa kamodzi kokha pa maakaunti 1,000. Akaunti iliyonse yaphonyedwa kamodzi, ndipo mlonda wowerenga pa akaunti pokha saona kanthu. Koma mwa anthu 1,000 apezekamo ena amene anasankhadi mau amenewo, ndipo makomo awo atseguka. Akuba ena agula mndandanda wa maina ndi mau achinsinsi obedwa ku tsamba lina, nauyesa pa tsamba lino, podziwa kuti anthu ambiri agwiritsa ntchito mau amodzimodzi paliponse. Wogwira akuba otere ndi mlonda amene aona kuti kuchokera ku keyala imodzi kuli kubwera maina ambirimbiri, ndipo pafupifupi onse ali kuphonya.

Bowo lachiwiri ndi la njiru. Ngati akaunti itsekedwa ikaphonyedwa katatu, munthu wodana nanu amene adziwa dzina lanu lolowera atha kuphonya dala katatu m'mawa uliwonse, inu n'kumapeza khomo lanu lotseka. Pa simu khadi izi n'zovuta, pakuti ayenera kugwira foni yanu m'manja. Pa intaneti atha kuchita ali kutali.

Motero keyala yokha sikwanira, akaunti yokha sikwaniranso. Mlonda wabwino ayang'ana zonse ziwiri, koma sazilemera mofanana.

Mlonda wachilungamo atani?

Mau awa apite makamaka kwa anyamata ndi asungwana athu amene aphunzira za makompyuta ndipo ali kukonza masamba a masukulu, mabanki, mabungwe ndi maofesi. Akatswiri agwirizana pa njira izi:

1. Kuwerenga zophonya zokha. Munthu amene walowa bwino asawerengedwe ngati wogogoda. Anthu 50 olowa bwino kuchokera pa keyala imodzi ndi chizindikiro cha sukulu kapena ofesi, osati cha wakuba.

2. Malire ang'ono akhale pa akaunti ndi keyala pamodzi. Ndiko kunena kuti, ngati dzina la uje laphonyedwa kasanu kuchokera pa keyala yakuti, odikira akhale amene ali kuyesa dzina limenelo pa keyala imeneyo. Anzake a pa keyala yomweyo alowe m'maakaunti awo, ndipo mwini dzina atha kulowa ali kwina.

3. Malire a keyala yonse akhale aakulu, ndipo ayang'ane khalidwe lake. Funso lisakhale lakuti kodi aphonya kangati, koma lakuti mwa onse oyesa, olowa bwino ndi angati, ndipo maina oyesedwa ndi angati. Pasukulu ambiri alowa, ochepa aphonya. Kwa wakuba ambiri aphonya, ochepa alowa.

4. Kuchedwetsa m'malo motseka. Bungwe la miyezo la boma la America, la NIST, m'malangizo ake a 2017 linati akaunti imodzi isaphonyedwe koposa ka 100 motsatizana, ndipo linapereka nzeru yakuti nthawi yodikira izikula pang'onopang'ono, kuyambira masekondi 30 kufikira ola limodzi. Kwa munthu, kudikira theka la mphindi si kanthu. Kwa kompyuta ya wakuba imene ifuna kuyesa zikwi, kudikirako kuipha.

5. Kubweza mwayi pang'onopang'ono. Njira ina ili ngati chikho cha nyemba. Mlonda asunga nyemba 10 m'chikho. Kuphonya kulikonse achotsamo imodzi, ndipo mphindi iliyonse abwezeramo imodzi. Munthu wophonya mwa apo ndi apo sadzaona chikho chopanda kanthu, koma makina achikhuthula m'kuphethira kwa diso. Keyala imene idziwika kuti ili ndi anthu ambiri ipatsidwe chikho chachikulu.

6. Kuzindikira mlendo wozolowereka. Foni kapena kompyuta imene inalowapo bwino kale ipatsidwa kachizindikiro kobisika, konga chitupa. Tsiku limene keyala yake yakayikiridwa, wokhala ndi chitupa adutsa, ndipo wofunsidwa mafunso ndi wachilendo yekha.

7. Kufunsa umboni wina. M'malo mobweza munthu, mlonda atumize nambala ya kanthawi ku foni yake, kapena amupatse kamayeso kaja kosankha zithunzi kotchedwa CAPTCHA. Koma okonza akumbukire kuti kumudzi netiweki ndi yofooka ndipo bandulo ndi yodula. Zithunzi zolemera nazonso ndi chilango kwa wosauka.

8. Kunena zoona. Uthenga uuze munthu mphindi zimene ayenera kudikira ndi kumene angadandaule, ndipo ukhale m'chinenero chimene amva.

Chimene inu mungachite

Kwa inu owerenga amene simukonza makina koma muwagwiritsa ntchito, malangizo ndi awa:

1. Mukaona uthenga wakuti mwayesa kambiri, lekani. Kupitiriza kugogoda kutalikitsa chiletso, kwa inu ndi kwa anzanu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

2. Mukaphonya kawiri, musayese kachitatu mongoganizira. Onani ngati zilembo zazikulu ndi zazing'ono zili m'malo mwake. Ngati mwaiwaladi, tsatani njira yosinthira mau achinsinsi imene tsambalo lipereka.

3. Ngati muli pa intaneti yogawana ndipo mukhulupirira kuti simunaphonye, yesani pa bandulo ya foni yanu. Ngati muli kale pa foni, tsekani data kapena zimitsani foni kwa kanthawi ndi kuyatsanso. Kawirikawiri kampani ikupatsani keyala ina.

4. Aphunzitsi otsogolera ana m'chipinda cha makompyuta asalole onse kulowa nthawi imodzi. Alowe m'magulu ang'onoang'ono, ndipo amene waphonya kawiri aimike dzanja asanayesenso.

5. Musadikire tsiku lomaliza. Tsiku limenelo ndilo limene anthu ambiri aphonya pa keyala imodzi.

6. Musasankhe 1234, 0000, chaka chanu chobadwa kapena manambala otsiriza a foni yanu. Ndiponso mau olowera ku banki asafanane ndi a pa Facebook.

7. Chenjerani ndi munthu woimba foni kapena wotumiza uthenga nati ndi wa ku kampani ndipo afuna pini yanu kuti akutsegulireni. Ameneyo ndi wakuba. Pini sipatsidwa kwa ejenti, kwa wa ku banki, ngakhale kwa mbale. Nambala ya kanthawi imene yabwera pa foni yanu nayonso ndi yanu nokha. Pini ikatsekeka, imbani nokha ku kampani kapena pitani ku ofesi yake ndi chiphaso chanu cha unzika.

8. Musayese kulowa mu akaunti ya munthu wina, ngakhale mwa nthabwala. Lamulo la dziko lino la 2016 loona za malonda a pa intaneti ndi chitetezo cha makompyuta linena kuti kulowa m'makina a eni popanda chilolezo ndi mlandu.

Ngati tsamba lina likukanizani kawirikawiri popanda cholakwa, uzani eni ake. Lembani tsiku, ola, mau amene makina anayankha, ndiponso ngati munali pa intaneti ya sukulu kapena ya foni. Okonza makina ambiri akhala m'tauni, pa intaneti ya ofesi yawo, ndipo sadziwa kuti lamulo limene anaika lili kutsekera sukulu yathunthu kumudzi kufikira wina atawauza. Madandaulo okhudza makampani a foni amene sanathetsedwe atha kupita ku MACRA, bungwe loyang'anira za mauthenga m'dziko muno.

Mlonda ayenera kukhalapo, pakuti akuba alipo ndithu. Koma keyala si munthu ayi. Ndi bokosi la sukulu limene mudzi wonse ulandirira makalata, ndipo bokosi lotere silitsekedwa chifukwa cha mmodzi. Tipempha aphunzitsi ndi onse odziwa kuwerenga kuti afotokozere anzawo nkhani imeneyi, makamaka achikulire amene ayamba kumene kusunga ndalama pa foni.